Kodi Udzu wa pa Nyika Unabwera ndi Munthu?

Mlangizi amene anakwerapo phiri la Nyika, lomwe lili m'malire a Malaŵi ndi Zambia, amadabwa kuona udzu wokhawokha pamalo amvula yambiri chotero. Nkhalango zake nzazing'onozing'ono, zobisala m'zigwa ndi m'makwalala, monga ya Chowo kumbali ya Zambia. Kwa zaka zambiri akatswiri ankati phiri lonse kale linali nkhalango, ndipo munthu ndiye analivula ndi nkhwangwa ndi moto.

Umboni wotsutsa unapezeka m'matope. Mungu wa zomera ukagwera m'dambo lozizira suwola msanga. Umayalana chaka ndi chaka, wakale pansi, watsopano pamwamba. Michael Meadows anakumba matope otere pa Nyika, ndipo zimene anafalitsa mu 1984 zinaonetsa kuti udzu wakhala wochuluka kumeneko kwa zaka pafupifupi 12,000. Pamenepo alimi ndi osula zitsulo anali asanafike m'dera lino.

Sitikutero kuti munthu alibe mbali. Ng'anjo zakale zosungunulira chitsulo zikadalipo paphiripo, ndipo ng'anjo imadya makala ambiri. Moto wa alenje wa mu Okutobala, udzu utauma gwa, umanyambita m'mphepete mwa nkhalango ndi kuibweza m'mbuyo pang'onopang'ono. Koma kuchepetsa nkhalango ndi nkhani ina, kulenga udzu wa phiri lonse ndi nkhani inanso.

Kusiyanaku kukukhudza ntchito yathu. Tikaona malo audzu ngati nkhalango yowonongeka, timathamangira kubzalapo mitengo. Paini amene anabzalidwa ku Chelinda m'zaka za m'ma 1950 anayamba kudzimerera yekha kunja kwa munda wake, ndipo kumuzula kwakhala ntchito yotopetsa. Pansi pa paini maluŵa a m'udzu, monga chikande, samera. Komanso mtengo wotere umamwa madzi ambiri kuposa udzu, pamene madambo a pamwambawo ndiwo amasunga madzi a mitsinje ya North Rukuru ndi Rumphi m'chilimwe.

Choncho musanaike nazale paphiri lililonse, kaya ku Nyanga kapena ku Viphya, yambani mwafunsa akuluakulu a m'mudzi kuti nkhalango inkalekezera pati iwo ali ana, ndipo yang'anani ngati pali zitsa. Pamene pali zitsa, bzalani mitengo yachilengedwe ya pomwepo. Pamene palibe, lambulani njira zotchinga moto kuzungulira nkhalango zotsalazo, ndipo tenthani udzu mvula itangosiya, ukadali wauŵisi pang'ono.