Masiku atatu ndi a malume: kuchoka pa Boma mpaka ku Chembe

Temu yatha aphunzitsi athu a History anayendetsa foni yawo m'kalasi kuti tione zithunzi za mzinda wa Ayutthaya ku Thailand. Munali akachisi a Chibuda a njerwa zofiira, ena ogumuka, ndi ziboliboli za Buddha zitakhala pamzere. Anatiuza kuti mzindawo unali likulu la ufumu wa Siam zaka zoposa 400, mpaka asilikali a ku Burma anauwononga mu 1767, ndipo lero anthu amalipira ndalama zambiri kuti ayende masiku angapo kuona akachisi amenewo ndi mizinda ina yakale. Mnzathu wina wa kumbuyo uja anafuula kuti, "Nanga ife kuno tingaonetse chiyani, usipa?" Kalasi yonse inaseka, inenso ndinaseka nawo. Aphunzitsi sanaseke. Anangolemba pabolodi zaka ziwiri, 1991 ndi 1984. Mu 1991 bungwe la UNESCO linaika Ayutthaya pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse. Koma paki yathu ya Lake Malawi National Park, ku Cape Maclear konkuno, inali italowa kale pa mndandanda womwewo mu 1984.

Zinandikhala mumtima. Ndiye pa holide a malume atanena kuti akufuna wowathandiza kunyamula matumba kokagula usipa ku Chembe, ndinavomera msanga, ndipo ndinatenga kope ndi pensulo. Zimene ndalemba apazi ndi za masiku atatu amenewo. Anzanga a Fomu 2, zambiri mwa izi ndi zomwe zija timaloweza pokonzekera JCE, kungoti kuno mungathe kuzikhudza ndi dzanja.

Tsiku loyamba tinapalasa njinga kuchoka kumudzi mpaka pa Boma. Mukangowoloka mlatho wa Bakili Muluzi, uja anatithandiza kumanga a ku Japan, mumaona chipilala cha njerwa chokhala ndi wotchi. Ndi angati mwa ife tinaimapo kudikira kabaza osafunsa kuti ndi cha chiyani? Chinamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria ya ku Britain imene inamwalira mu 1901. Mayiyu sanapondepo kuno ngakhale tsiku limodzi, koma chipilala chake ndiye chachitali kuposa zonse.

Pafupi pomwepo pali mzinga umene unali pa sitima ya nkhondo yotchedwa Gwendolen. Nkhani yake ndi yoseketsa ndithu. Mu Ogasiti 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba, Captain Rhoades analamulidwa kukawononga sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, imene inali pa doko la Sphinxhaven, lero ku Liuli mbali ya Tanzania. Anaipeza ili pamtunda akuikonza, naiwombera. Mkulu wa sitima ya Ajeremaniyo, dzina lake Berndt, anali mnzake wa Rhoades, ndipo uthenga wa nkhondo unali usanamufike. Akuti anapalasa bwato mokalipa kudzafunsa ngati mnzakeyo waledzera, basi n'kumugwira pompo kukhala mkaidi. Mabuku ambiri amati kumeneko kunali kumenyana koyamba kwa pamadzi pa nkhondo yonse ija. Taganizani, nkhondo ya ku Ulaya, koma mzinga wake uli pamene amayi amagulitsa mandasi.

Chinthu chachitatu pamalopo sichoseketsa. Ndi chikumbutso cha sitima ya Viphya imene inamira kumpoto kwa nyanja pa 30 Julayi 1946 kutachita namondwe, ndipo anthu 145 anafa. A malume anavula chipewa titafika pamenepo. Iwo ndi munthu wa panyanja, mwera amaudziwa.

Tinalowanso mu nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Lake Malawi Museum. Muli chifaniziro cha kutsogolo kwa Gwendolen, pamene woyendetsa ankaima, komanso zinthu za anthu a m'mbali mwa nyanja. Koma phunziro lenileni la tsiku limenelo ndi dzina la tawuni yathu. Kale inkatchedwa Fort Johnston. Mu 1891, chaka chimene Angelezi analengeza kuti dziko lino lili m'manja mwawo, Harry Johnston anamanga linga m'mbali mwa Shire moyang'anizana ndi mudzi wa Mfumu Mponda. N'chifukwa chiyani pamenepo? Chifukwa ndi pakhomo pa nyanja. Aliyense wochoka kumwera pa mtsinje kupita kunyanja, ndiponso amalonda owoloka ndi minyanga ya njovu ndi akapolo kupita kugombe la Indian Ocean, ku Kilwa ndi kwina, ankadutsa m'manja mwa Mponda. Wolamulira powolokera ndiye anali ndi chuma.

Johnston anabwera ndi asilikali ochokera ku India, ambiri Asikh, motsogozedwa ndi Captain Cecil Maguire. Maguireyo anaphedwa mu Disembala 1891 pomenyana ndi anthu a Makanjira, n'chifukwa chake kuli dzina loti Fort Maguire mbali ya kum'mawa kwa nyanja. Mfumu Jalasi, imene Angelezi ankalemba kuti Zarafi, inawavuta zaka zingapo ili pa phiri la Mangochi mpaka inagonja mu 1895, ndipo pamalo pake anamangapo linga la Fort Mangochi, chakumtunda njira ya ku Namwera. Dzina la phiri limenelo ndi limene tawuni inatenga dziko litalandira ufulu.

Apa ndiye pamene pamavuta, ndipo ndinakangana ndi a malume tikudya chipisi. Ine ndinati Johnston anachita bwino chifukwa anathetsa ukapolo. Iwo anati, "Iwe, nanga msonkho anabweretsa ndani?" Ndinasowa chonena. Zonse ziwiri ndi zoona. Mafumu aja ankagulitsadi anthu, zimenezo tisabise ngakhale ena ndi makolo athu. Koma amene anawagonjetsawo sanabwerere kwawo nkhondo itatha, anakhala n'kuyamba kulamulira ndi kukhometsa msonkho mpaka 1964. Pa mayeso akafunsa zifukwa zimene Johnston anamenyera mafumu a Chiyao, musalembe chimodzi chokha.

Pa za chipembedzo, Chisilamu chinafika kuno kudzera mwa amalonda a Chiswahili, ndipo Makanjira ndi mmodzi mwa mafumu oyamba kulowa, cha m'ma 1870. Ansembe a Katolika a White Fathers anafika kwa Mponda kumapeto kwa 1889, nakhala mpaka 1891, n'kuchoka osatembenuza anthu. Lero pa Boma mzikiti ndi tchalitchi zimamvana mawu. A Chibuda aja nawonso alipo m'dziko muno, ali ndi malo olerera ana amasiye a Amitofo kufupi ndi Blantyre, koma ine sindinafikeko.

Tinagona kwa azakhali. Tsiku lachiwiri tinasiya njinga n'kukwera matola a ku Monkey Bay, mtunda wa makilomita opitirira 60. Galimoto inaphulika tayala kawiri, ndipo ndinakhalira thumba la ufa mpaka miyendo kuchita dzanzi. Panjira tinadutsa pa Nkope. Sitinatsike, koma dzinalo lilembeni. Kumeneko katswiri wofukula zakale, Keith Robinson, anapeza mapale a miphika ya anthu osula zitsulo amene ankakhala m'mbali mwa nyanja zaka zoposa 1,000 zapitazo, ndipo miphika ya mtundu umenewo akatswiri amaitchula ndi dzina la Nkope kulikonse kumene ipezeka. Ndiye kuti pamene ku Ayutthaya ankayala njerwa yoyamba mu 1351, kuno anthu anali ataumba kale miphika ndi kusula makasu mibadwo yambirimbiri. Kungoti iwo ankamanga ndi mitengo, dothi ndi udzu, ndipo chiswe sichisungira munthu mbiri.

Ku Monkey Bay ndinaona Ilala ili padoko. Iyi ndi yachiwiri. Inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera zidutswazidutswa, n'kuyamba kuyenda panyanja mu 1951. Dzinalo ndi la dera la ku Zambia kumene David Livingstone anafera mu 1873. Padoko pomwepo anthu amakambanso za Chauncy Maples, sitima ya mishoni ya Anglican imene inalowa m'madzi mu 1901, yotchedwa dzina la bishopu amene anamira m'nyanja yomweyi mu 1895. Madzulo tinakwera njinga yamoto kudutsa m'mapiri, anyani ali m'mbali mwa msewu, mpaka ku Chembe.

Ku Chembe kuli anthu! Mathandala a usipa mbali iyi, malo ogona azungu mbali iyo, ana akusambira, amayi akutsuka mbale, ndipo patsogolo zilumba za Thumbi ndi Domwe. Usiku nyanja yonse inadzaza nyali za asodzi a chilimira. Mamawa a tsiku lachitatu a malume anagula usipa wawo, tinauthira m'matumba, kenako ndinawachonderera kuti tikaone manda a amishoni chakufupi ndi Otter Point. Anadandaula za nthawi koma anapita. Amalawife polowa m'paki timalipira zochepa kusiyana ndi alendo akunja.

Dzina loti Cape Maclear anapereka ndi Livingstone, pokumbukira mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town. Mu Okutobala 1875 gulu la amishoni a Free Church of Scotland linafika pano pa Ilala yoyamba, motsogozedwa ndi E. D. Young, pamodzi ndi dokotala wachinyamata Robert Laws. Apa ndi pamene panayambira Livingstonia, osati ku Rumphi ayi. Ambiri timalakwitsa funso limeneli. Malowa anawakonda chifukwa cha doko labwino, koma malungo anawasautsa. Dr William Black anamwalira mu 1877. Chaka chomwecho anamwaliranso Shadrach Mngunana, mmodzi wa aphunzitsi achikuda ochokera ku Lovedale ku South Africa amene anabwera ndi William Koyi mu 1876. Nthawi imeneyo palibe ankadziwa kuti malungo amabwera ndi udzudzu, ankaganiza kuti ndi mpweya woipa wa m'madambo. Patatha zaka pafupifupi 6 anali atabatiza munthu mmodzi yekha, Albert Namalambe, mu 1881. Chaka chomwecho anasamukira ku Bandawe, kenako mu 1894 anakwera phiri la Khondowe kumene Livingstonia ili lero. Namalambe ndi amene anatsala kuyang'anira ntchito ku Cape Maclear.

Mandawo ndi ochepa, ali phee pansi pa mitengo ndi miyala ikuluikulu. Nditaima pamenepo ndinakumbukira chinthu china chimene aphunzitsi anangochitchula mothamanga. Ilala yoyamba ija sinauluke kuti ifike kunyanja. Inakwera Zambezi ndi Shire, koma pa mathithi, kuyambira cha ku Kapichira mpaka ku Matope, sitima singadutse. Anaimasula yonse, ndipo anthu mazanamazana anasenza zidutswazo pamutu, kudutsa m'miyala ndi dzuwa la kuchigwa, masiku angapo, n'kukaifikitsa kumtunda kuti aimangenso. Ine thumba limodzi la usipa kuchoka pagombe kufika pa siteji ndinapumula katatu. Nanga chitsulo cha injini? Popanda amtengatenga amenewo kukanakhala kulibe Livingstonia, kulibe funso la pa mayeso. Koma mayendedwe onse a masiku atatu sindinawerenge dzina la mmodzi mwa iwo. Ndinawerenga Victoria, Gwendolen, Johnston, Maclear.

Sindikunena kuti tigwetse chipilala cha wotchi. Chikhale, ndi chathu tsopano, ndipo alendo akachijambula amagulanso mandasi aja. Ndikungoti poyenda m'malo otere tizifunsa kuti anaumba njerwazi ndani, anapalasa bwato ndani, anaphikira asilikali ndani. Ngakhale mwala wa Mwalawamphini, umene tinauona pobwerera m'mbali mwa msewu, uli ndi phunziro lomwelo. Akatswiri amati mizere yake inabwera chifukwa cha kutentha, kuzizira ndi mvula pa zaka zambiri. Koma amene anauona n'kunena kuti ukufanana ndi mphini za pakhungu anali munthu wakuno, ndipo dzina lake la Chichewa ndi limene lili m'mabuku a alendo.

Mbuna, tinsomba tamitundumitundu timene tinachititsa kuti pakiyi ikhazikitsidwe mu 1980, ndinangotiona pang'ono m'miyala. A malume anati nsomba yosalowa mumphika ilibe ntchito, koma azungu ena anali atakwera ndege kudzaiona. Za izo alembe a kalabu ya Wildlife, ndi gawo lawo.

Tinafika kumudzi usiku, ine ndikununkha usipa thupi lonse. M'mawa mwake ndinapita kwa agogo aakazi ndi kope langa. Ndinawafunsa ngati m'banja mwathu munali wina amene anasenzapo katundu wa azungu. Anayamba andiseka kaye, amvekere sukulu yayamba liti kufunsa za anthu osaphunzira. Kenako anati agogo awo aamuna anatengedwa pa nkhondo ya Ajeremani ija kukasenza katundu wa asilikali, anapita ndi anzawo a m'mudzi, ndipo ena sanabwerere. Anatchula dzina lawo, ndi mudzi umene anachokera asanakwatire kuno. Ndalilemba kumbuyo kwa notsi za Harry Johnston.

A kalabu ya History tikumana Lachitatu tikaweruka, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa Fomu 1. Aphunzitsi avomera kuti tikambirane zopita pa Boma tonse temu ino, poti kumeneko ndi kofikika pa njinga. Amene ali ndi agogo kunyumba ayambe wawafunsa, abwere ndi dzina limodzi ndi zimene munthuyo anachita.