Mitima Iwiri: Phunziro la Kutsogolera Gulu la Uphungu



Munthu akamakayika timati ali ndi mitima iwiri. Wophunzira amati, "Mtima wina ukuti ndiwerenge, wina ukuti ndingosiya." Makolo ena akhala akutifunsa ngati ophunzira amene akulemedwa ndi nkhawa angamakumane pagulu kuti athandizidwe. Tisanayankhe, tiyeni tione njira imodzi imene akatswiri a zamaganizo amatsata potsogolera magulu otere, ndipo tiiyeze ndi Chisilamu.

Kumene njirayi inachokera

M'zaka za m'ma 1980, Richard Schwartz, mlangizi wa mabanja wa ku America, ankathandiza achinyamata amene ankadya mopyola muyeso kenako n'kudzisanzitsa dala. Iye anaona kuti pofotokoza vuto lawo ankayankhula ngati m'kati mwawo muli zigawo zingapo zokangana. Apa ndi pamene panabadwira njira yotchedwa Internal Family Systems, ndipo buku lake loifotokoza linatuluka mu 1995.

Zigawozi anaziika m'magulu atatu. Tiyerekeze mnyamata wa Folomu 4 amene anasekedwa ali wamng'ono atalephera kuwerenga pamaso pa anzake. Manyazi a tsiku limenelo akadali mwa iye, koma anawatsekera: ichi ndi chigawo chotsekeredwa. Pali chigawo china chonga kapitawo, chimene chimamukalipira kuti awerenge mpaka pakati pa usiku kuti asadzasekedwenso. Mayeso akapanda kuyenda bwino, manyazi aja amadzuka, ndipo chigawo chachitatu, chozimitsa moto, chimathamangira chilichonse chomuiwalitsa: kuchezera pafoni, ndewu, mwinanso chamba. Kapitawo ndi wozimitsa moto amadana, koma onse akulondera bala limodzi.

Zimene tinaphunzira kale ku madrasa

Qur'an yolemekezeka imatchula nafsi yolamula zoipa mu Surat Yusuf ndime 53, nafsi yodzidzudzula mu Surat Al-Qiyamah ndime 2, ndi nafsi yodekha mu Surat Al-Fajr ndime 27. Imam Al-Ghazali, amene anamwalira mu 1111, anafanizira mtima ndi mfumu, nzeru ndi nduna yolangiza, ndipo mkwiyo ndi mkulu wa apolisi. Iye anaphunzitsa kuti mkwiyo ndi chilakolako sitingazithetseretu. Zimafunika kuphunzitsidwa mwambo kuti zizimvera mfumu.

Komabe tisasakanize zinthu. Schwartz amanena kuti palibe chigawo choipa pachokha. Ife tikuvomereza kuti chigawo chikhoza kukhala ndi cholinga choteteza, koma haramu ikhalabe haramu, ndipo tauba ikufunikabe. Kumvetsa chimene chikukankhira mwana ku tchimo kumamuthandiza kulisiya. Sikulisandutsa chinthu chololedwa.

Ntchito ya wotsogolera gulu

Choyamba, amayala malamulo gululo lisanayambe. Zoyankhulidwa m'chipindamo ndi amana. Kuzitulutsa kunja ndi miseche, imene Surat Al-Hujurat ndime 12 ikuletsa. Kwa ife, anyamata ndi atsikana angakhale ndi magulu osiyana.

Chachiwiri, amatsegula popempha aliyense kukhala chete pang'ono ndi kuzindikira chimene wabwera nacho: mantha, kutopa kapena mkwiyo.

Chachitatu, ndipo apa ndi pagona nkhani, amaphunzitsa anthu kuyankhulira chigawo m'malo molola chigawocho kuwalanda pakamwa. Mmalo monena kuti, "Umanditopetsa iwe," munthu amati, "Pali chigawo changa chimene chinapsa mtima pamene unandidula mawu." Mkwiyo wanenedwa, koma palibe wavulazidwa. Wotsogolera amafunsanso kuti, "Nanga iweyo chigawo chimenechi ukuchiona bwanji?" Akayankha kuti akudana nacho, ndiye kuti chigawo china chalowerera, ndipo chimapemphedwa kuti chiyambe chapatuka. Akayankha kuti akufuna kuchimvetsa, ntchito ikhoza kupitirira.

Chachinayi, sathamangira pabala. Amayamba wamva nkhawa za kapitawo ndi wozimitsa moto, ndipo sapita kwa wotsekeredwa uja alondawa asanalole. Kukakamiza mwana kuulula zowawa pamaso pa anzake kukhoza kupangitsa kuti usiku womwewo abwerere ku chamba mwamphamvu kuposa kale.

Chachisanu, amayang'anira omvetsera. Wina akamafotokoza, mwa anzake mumadzuka chigawo chofuna kulangiza, kuseka kapena kuthawa. Wotsogolera amaletsa malangizo a msangamsanga ndipo amapempha aliyense kunena chimene chagwedezeka mwa iye yekha. Nayenso amadziyang'anira, chifukwa ife aphunzitsi tili ndi kapitawo wokonda ulaliki. Pomaliza amaonetsetsa kuti onse akhazikika asanatuluke.

Yankho lathu kwa makolo ndi komiti

Gulu lotere ndi chithandizo cha zamaganizo, choncho liyenera kutsogoleredwa ndi munthu amene anachita maphunziro ake. Kukhala shehe kapena mphunzitsi sikokwanira, monga mmene kudziwa dua sikumupatsa munthu ufulu wobaya jakisoni. Kusunga chinsinsi nakonso kuli ndi malire: mwana akanena zofuna kudzipha kapena kuti akuchitidwa nkhanza, apite naye msanga kwa omuthandiza ndi kuchipatala. Ngati komiti ikufuna gulu lotere pasukulu pano, ntchito yoyamba ndi kupeza katswiriyo.

Koma pali chimene tonse tingayambe lero. Mwana akalakwa, tisanamutche waulesi kapena wosamva, timufunse kuti, "Mwanawe, ukuopa chiyani?" Chilango choyenera chikhoza kubwera pambuyo. Inunso ophunzira, mukatha swala ya Isha, dzifunseni kuti lero ndi mawu ati amene anakulamulirani, ndipo amakutetezani ku chiyani.

Allah atipatse mitima yodekha, ndipo Iye ndiye Wodziwa kwambiri. Amin.