Chakudya cha Nkhuku: Kugula Chambiri Nthawi Imodzi?

Mayi wina woweta nkhuku 100 za mazira ku Mchinji akufunsa: kodi angagule matumba a miyezi isanu ndi umodzi mitengo isanakwere?

Mlangizi wa ziweto akuti ayi, ndipo ayambe awerengetsera. Nkhuku yoikira imadya pafupifupi magalamu 120 pa tsiku, choncho thumba la makilogalamu 50 limatha m'masiku anayi okha. Pa mwezi pafunika matumba asanu ndi awiri kapena atatu, ndipo pamenepo mpokwanira. Chakudya chosakaniza kale chikakhalitsa, mavitamini amatha mphamvu, mazira nkuyamba kuchepa.

Chofunika kugula chambiri ndi zopangira chakudyacho monga chimanga, madeya ndi soya, nthawi yokolola pamene zatchipa, bola zikhale zouma gwa.

Choopsa kwambiri ndi chuku, makamaka m'dzinja. Matumba asanjikidwe pa matabwa, osakhudza simenti kapena khoma, m'chipinda chosadontha chopita mphepo, chotchinga makoswe. Thumba lakale liyambe kutha. Akapisa dzanja napeza mibulu yofunda, yonunkha chuku, mayiyo ataye ndithu, osapatsa ngakhale nkhuku zachikuda, chifukwa poizoni wa aflatoxin amawononga chiwindi ndipo amafika mpaka m'mazira.