Zikumbu Zachilendo: Mayankho a Makalata a Omvera

WOULUTSA: Makalata a sabata ino achuluka ndi a zikumbu, ndipo aphunzitsi athu a za tizilombo afika kale. Yoyamba yachokera kwa bambo wina wa ku Kasungu, amene akuti: "Ndinapeza chilombo chakuda, chachikulu ndithu, chikuyenda kuseri kwa nkhokwe, ndipo chibadwire sindinachionepo. Kodi dzina lake n'chiyani, nanga n'choopsa?"

KATSWIRI: Zikomo bambo, ndithokozenso mwini kalatayo, pakuti safunsa anadya phula. Koma andikhululukire ndikati funso lawo likufuna woombeza, chifukwa mitundu ya zikumbu imene anthu ophunzira anailemba kale m'mabuku ikuyandikira 400,000, ndipo yakuda mwa iyo ndi yosawerengeka. Ntchito ija anaiyamba Adamu m'munda wa Edene, yotcha zolengedwa maina, kufikira lero lino sinathe. Chimene ndingathe ndicho kuwauza poyang'ana, kuti kalata yawo yachiwiri idzadze ndi umboni.

Ayambe ndi msana. Chikumbu chenicheni chili ndi mapiko awiri olimba amene amakumana pamzere woongoka pakati pa msana, nabisa pansi pake mapiko opyapyala oulukira, pamene mapiko a mphemvu amasanjikizana, ndipo tizilombo tonunkha tija toyamwa mbewu tili ndi mapiko opingasana ndi mlomo wobaya m'malo mwa zibwano zotafunira. Akatero apenye tinyanga. Tikakhala tatitali, pena kuposa thupi, ndiye kuti mphutsi zake zimaboola mitengo; tikakhala tatifupi tokhala ndi timasamba totseguka kunsonga, ndi cha banja la zogubuduza ndowe ndi la mbozi zoyera zodya mizu; tikakhala topindika, tomera pa mphuno yaitali, ndi mbale wa nankafumbwe ndi kafadala uja ana amaseweretsa poona kuti akamukhudza amanamizira kufa. Ndipo ngati chawocho chinali chothamanga ndi miyendo yaitali, cha madontho oyera m'mbali, asachiyandikize kumaso, popeza choterocho chimathira madzi oyabwa kwambiri m'maso mwa mdani, ngakhale kuti kumunda n'chothandiza, pakuti chimasaka tizilombo tinzake. Zonsezi sizioneka kwa munthu amene wanyamula kale mwala. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Akachipezanso, achikankhire ndi kamtengo m'botolo, athiremo sipiriti, ndipo aponyemo kapepala konena malo, tsiku ndi mbewu imene chinalipo, kolembedwa ndi pensulo, chifukwa inki imasungunuka m'sipiriti. Botololo apereke kwa alangizi a zaulimi, amene angalitumize ku Chitedze, ku Bvumbwe kapena ku Makoka. Wina angati n'kutaya nthawi, koma akumbuke nankafumbwe wamkulu, amene kwawo ndi ku Central America: anatulukira ku Tanzania cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, nalowa m'dziko muno chakumpoto kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo ngakhale safika ndi theka lomwe la sentimita, amasandutsa chimanga ndi makaka a chinangwa kukhala fumbi. Mlendo wotere akamadziwika msanga, nkhokwe zambiri zimapulumuka.

WOULUTSA: Yachiwiri ndi ya mayi wa ku Mulanje. Akuti pa maluwa a nandolo wawo pagwa zikumbu zazitali, zakuda, za mizere yachikasu yopingasa, zokongola kwambiri. Mwana wawo wamng'ono anagwira chimodzi nachifinya, ndipo m'mawa mwake anadzuka ndi matuza m'zala. Akufunsa ngati chinamuluma.

KATSWIRI: Taonani, iyi ndiyo kalata yolembedwa bwino, pakuti mayiwa anena maonekedwe, anena mbewu, anenanso chimene chinachitika, kotero kuti ndingayankhe mosakayika ngakhale sindinapondeko m'mundamo. Ameneyo ndi dzodzwe, amene m'mabuku amalembedwa Mylabris, ndipo mwanayo sanalumidwe ayi. Chikumbuchi chikapanikizika chimatulutsa m'mfundo za miyendo timadzi tachikasu mmene muli poizoni wotchedwa cantharidin, amene samveka nthawi yomweyo, koma pakapita maola amatukusira khungu. N'chifukwa chake mwana amagona bwinobwino nadzuka ndi matuza, makolo n'kuyamba kuganizira zina. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: mizere yowalayo ndiyo chenjezo kwa mbalame, ndipo chifukwa zodya tizilombo zambiri zimamupewa, dzodzwe amauluka mwaulesi dzuwa lili phwee, osabisala konse.

Mayi, matuzawo musawaboole. Tsukani ndi madzi ndi sopo, mumangepo kansalu koyera, ndipo akayamba mafinya, kapena mwana akadzitikita nazo m'maso, pitani naye kuchipatala osazengereza. Chimene ndikuchenjezeni kolimba ndi ichi: chikumbuchi chisalowe m'kamwa mwa munthu aliyense, chiwisi kapena chouma, ngakhale wina atanena kuti ndi mankhwala, pakuti poizoniyo satha mphamvu chikauma, ndipo amaotcha m'mimba, naononga impso mpaka kupha. Kumundako, popeza chimadya maluwa a nandolo, khobwe ndi therere, n'kuchepetsa zokolola, mupite mamawa zisanachangamuke, dzanja mutaliveka pepala la pulasitiki, muzigwetsere m'ndowa ya madzi a sopo. Komabe pamlandu timanena mbali zonse: mphutsi za dzodzwe zimakhala m'nthaka, kumene zimadya mazira a ziwala, motero amene akukuberani maluwa chaka chino anakuchepetserani ziwala ali mwana. Ine sindikadathira mankhwala munda wonse chifukwa cha iye, makamaka nthawi ya maluwa pamene njuchi zili pantchito.

WOULUTSA: Nthawi yatsala pang'ono, aphunzitsi, koma mnyamata wina woweta ng'ombe ku Mzimba akufunsa za chikumbu chimene amachiona chikugubuduza mpira wa ndowe chobwerera m'mbuyo. Akuti chimapita nawo kuti, nanga chimadziwa bwanji njira mutu uli pansi?

KATSWIRI: Mwana wanga, chimenecho uchileke chipite. Mpirawo chimakaukwirira pansi kuti chidye, kapena kuti chiikiremo dzira, ndipo potero chimathira manyowa m'nthaka ndi kuchepetsa ntchentche m'busa. Anthu a ku Australia, ataona ndowe za ng'ombe zawo zikuumira pamsipu popanda wozichotsa, anachita kuitanitsa zikumbu zotere kuchokera kuno ku Africa. Za njira, ukachipenyetsetsa udzaona kuti chisananyamuke chimakwera pamwamba pa mpirawo n'kuzungulira, ndipo pamenepo ndi pamene chimaona kumene kuli dzuwa kuti chiyende moongoka, kuthawa anzake olanda. Mu 2013 a Marie Dacke a ku yunivesite ya Lund ndi anzawo, atayesa ku South Africa, anaonetsa kuti mtundu wina woyenda usiku umatsata kuwala kwa mlalang'amba mwezi ukakhala kulibe. Atauveka tizisoti tophimba kumwamba, unkangokhotakhota.

WOULUTSA: Zikomo aphunzitsi. Bambo a ku Kasungu, tikudikira kalata yanu yachiwiri. Ndipo amene muli ndi foni yojambula, jambulani chikumbucho chakumsana ndi cham'mbali, mutaika ndalama yachitsulo pambali pake kuti kukula kwake kudziwike.