KUCHUNA KOMPYUTA YA INJINI: PHUNZIRO LA PA MINI COOPER S

Anzanga ophunzira, ambiri a ife tikaona galimoto yaing'ono iri kusiya zazikulu m'mbuyo, timaganiza kuti mwini wace waikamo injini yina. Kawiri-kawiri si tero ai. Injini ndi yomwe ija, koma munthu wina wasintha manambala amene ali m'kompyuta yace. Nchito imeneyi amakaniko amaichula kuti kuchuna. Kuti tiimvetse bwino tiyeni titenge galimoto imodzi, Mini Cooper S, ndipo tidzifunse mafunso awiri: kodi mphamvu yoonjezekayo imacokera kuti, nanga mtengo wace ndi wotani?

Galimoto Yace

Mini yoyamba inaturuka ku Britain m'caka ca 1959, ndipo anaikonza ndi Alec Issigonis. John Cooper, katswiri wa magalimoto a mpikisano, anaionjezera mphamvu, kotero kuti Mini Cooper S inapambana mpikisano wa Monte Carlo mu 1964, 1965 ndi 1967. Koma ife tikamba za Cooper S ya pambuyo pace, imene kampani ya BMW inali kupanga ku Oxford kuyambira 2002 kufikira 2006. Injini yace inali ya masilinda 4 ndi malita 1.6, yopangidwa ku Brazil. Mu Mini Cooper wamba injini yotereyi inali kuturutsa mphamvu ya akavalo 115, koma mu Cooper S poyamba inali kuturutsa 163. Cimene cinasiyanitsa ziwirizi makamaka ndico cipangizo cochedwa supercharger.

Mvukuto wa Injini

Injini ya petulo ndi ng'anjo ya moto. Mu silinda mumalowa mpweya ndi petulo, pisitoni imazipanikiza, pulagi imathetheka, ndipo moto umakankha pisitoni pansi. Kuti gramu imodzi ya petulo ipse yonse pafunika magramu 14.7 a mpweya. Motero kuthira petulo wambiri popanda kuonjeza mpweya sikupatsa mphamvu, kungodzetsa utsi ndi mwaye.

Wosula makasu akafuna kuti makala ayake kolimba amagwira mvukuto. Supercharger ndiye mvukuto wa injini. Fanizo limeneli si longopeka, pakuti mtundu umene uli mu Cooper S unacokera ku makina a abale awiri a ku Indiana, Philander ndi Francis Roots, amene analembetsa luso lao mu 1860, ndipo makinawo anali kupemerera mpweya m'ng'anjo zosungunulira citsulo. Wa mu Cooper S unapangidwa ndi kampani ya Eaton, ndipo dzina lace ndi M45. Injini imauzunguza ndi lamba wopita pa kagudumu, ndipo iwo umakankhira mpweya m'masilinda. Mpweya wa pa gombe la nyanja ya mcere umapanikiza ndi mphamvu ya 1 bar. Mvukutowu umaonjezerapo pafupi-fupi 0.8 bar.

Wina wodziwa masamu adzafunsa kuti, "Ngati mpweya wapanikizika kucokera pa 1 kufika pa 1.8, bwanji mphamvu sinakwere comweco? Kucokera pa 115 kufika pa 163 ndi 42 peresenti cabe." Zifukwa zace ndi zitatu. Coyamba, mvukutowo umadya gawo la mphamvu ya injini imene iri kuuzunguza. Caciwiri, mpweya ukapanikizika umatentha, monga mudziwa mukagwira pampu ya njinga mutatha kupopa tayala, ndipo mpweya wotentha ndi wopepuka. Ncifukwa cace pamwamba pa injini anaikapo coziziritsira mpweya, nabooola boneti kuti mphepo izilowa. Cacitatu, anacepetsa dala kupanikiza kwa pisitoni, kucokera pa 10.6 mu Cooper wamba kufika pa 8.3 mu Cooper S, kuopa ngozi imene tidzaichula patsogolo.

Nchito ya Kompyuta

Injini ikamazungulira ka 6,000 pa mphindi imodzi, silinda iri yonse imayaka ka 50 pa sekondi, ndipo masilinda onse anai amayaka ka 200. Pa kuyaka kuli konse pafunika kudziwa zinthu ziwiri: petulo wocuruka bwanji, ndi nthawi yeni-yeni yoti pulagi ithetheke. Woweruza zimenezi ndi kompyuta yaing'ono yochedwa ECU.

Kompyutayi iri ndi atumiki ace ochedwa masensa. Ina imaiuza liwiro la injini, ina kupanikiza ndi kutentha kwa mpweya wolowa, ina kutentha kwa madzi, ina mpweya wotsala mu utsi. Ikamva zonsezi imayang'ana m'ndandanda ya manambala yonga tebulo la kucurukitsa la ku pulaimale. Mbali imodzi kuli liwiro la injini, mbali yina kuli kulemera kwa nchito imene injini iri kugwira, ndipo pamene mizere iwiriyo ikomana pali yankho. Ndandanda zimenezi amazichula mapu. Pali mapu a petulo, mapu a nthawi ya pulagi, ndi malire a liwiro limene injini siyenera kupyola. Wochuna amalumikiza kompyuta yace pa kabowo ka mapini 16 kamene kali pansi pa ciongolero, nawerenga mapuwo, nasintha manambala, nawabwezeramo.

Kumene Mphamvu Imacokera

Opanga galimoto sadziwa amene adzaigula. Wina adzaiyendetsa m'cipale cofewa, wina m'dziko lotentha; wina adzathira petulo wabwino, wina wacabe; wina adzaiwala kusintha oilo. Cifukwa ca ici amasiya mpata pakati pa zimene injini ingathe kucita ndi zimene amailola kucita. Mpata umenewu uli ngati cimanga cimene munthu wanzeru amasiya m'nkhokwe kuopa caka ca njala. Wochuna salenga mphamvu yatsopano, amatapa m'nkhokwemo.

Pali cinthu cina cofunika kucidziwa. Pa galimoto ya turbo, imene mvukuto wace umazunguzidwa ndi utsi, kompyuta ikhoza kuonjeza mpweya mwa iyo yokha. Cooper S imene inalowa m'malo mwa iyi kumapeto kwa 2006 inali yotero. Koma supercharger ya galimoto yathuyi imamvera lamba, ndipo kompyuta singailamule kuti ithamange koposa. Motero kusintha manambala okha kumangopatsa mphamvu pang'ono. Eni ace ambiri amayamba acotsa kagudumu ka lamba naikapo kena kocepa ndi 15 peresenti. Werengani nokha: 100 kugawa ndi 85 ndi 1.18, ndiye kuti mvukuto uzungulira msanga ndi 18 peresenti. Mpweya wacuruka, ndiponso watentha koposa kale. Apa ndi pamene nchito ya wochuna imafunika ndithu, kuti petulo ndi nthawi ya pulagi zilingane ndi mpweya watsopanowo.

Mdani Wamkuru

Moto wa mu silinda suyaka wonse nthawi imodzi. Umayamba pa pulagi nufalikira monga moto wa lupsa pa dambo. Popeza umatenga kanthawi, pulagi imathetheka pisitoni isanafike pamwamba peni-peni. Ikathetheka mocedwa, moto umatsatira pisitoni imene yapita kale, ndipo mphamvu imataika. Wochuna akaifulumizitsa pang'ono, mphamvu imakwera. Koma akapyola muyeso, petulo wa m'mphepete mwa silinda amaphulika yekha moto usanamfike, cifukwa ca kutentha ndi kupanikizika. Kumamveka kugogoda konga timiyala m'citini. Kugogoda kumeneku kumaswa mphete za pisitoni, ndipo kukapitirira kumaibooola pisitoniyo. Iyi ndi ngozi ija imene opanga anaiopa pocepetsa kupanikiza kufika pa 8.3.

Zoteteza ziripo. Petulo wa nambala yaikuru ya octane, monga 98 m'malo mwa 95, saphulika yekha msanga. Ndiponso woyendetsa akaponda moto wonse, kompyuta imathira petulo woposa muyeso uja wa 14.7, kufika pafupi ndi magramu 12 a mpweya pa gramu imodzi ya petulo, pakuti petulo wotsalayo amaziziritsa silinda. Palinso sensa yomvetsera kugogoda, imene imauza kompyuta kuti icedwetse pulagi. Wochuna wosasamala amacepetsa petulo woziziritsayo, mwina nagonthetsa sensayo, kuti mwini galimoto amve mphamvu tsiku loyamba. Injini yotere ingayende bwino m'mawa wozizira, koma nkudzafa pa citunda tsiku la dzuwa.

Malire ena ndi a zitsulo zomwe. Mainjekita, timipope tothira petulo, ali ndi muyeso wao. Akatseguka nthawi yonse sangathe kupereka woposa pamenepo, ngakhale kompyuta ilamule cotani.

Njira Yoyenera

Kampani ya John Cooper Works, imene inayambidwa ndi Mike Cooper mwana wa John Cooper, inaonetsa m'mene nchitoyi iyenera kucitikira. Pokweza Cooper S kufika pa akavalo 200, sinasinthe manambala okha. Inasinthanso supercharger ndi kagudumu kace, mutu wa injini, mapulagi ndi mpope wa utsi. Pofuna kufika pa 210 inaikamonso mainjekita akuru-akuru ndi njira yabwino yolowera mpweya. Ciwalo ciri conse cinasinthidwa kuti cilingane ndi cinzace.

Wochuna wokhulupirika amacita cimodzi-modzi. Amayamba waona ngati injini iri yamoyo. Amaika galimoto pa makina ochedwa dynamometer, pamene matayala amazungulira pa migolo galimoto iri ciimire. Amasintha nambala pang'ono, nayesa mphamvu, nayesa utsi, namvetsera kugogoda, nalemba zimene wapeza, asanasinthe yina. Amauzanso mwini galimoto zoona: kuti adzafunika petulo wabwino masiku onse, kuti kilachi ndi mabuleki zidzatha msanga, kuti opanga galimoto angakane kuikonza mwaulere ikaonongeka, ndi kuti ku Britain ayenera kudziwitsa a inshuwaransi za kusinthako.

Motero mafunso athu awiri aja ayankhidwa. Mphamvu imacokera mu mpata umene opanga anasiya, ndipo mtengo wace ndi kucepa kwa mpatawo. Inu amene mufuna kudzagwira nchito ya injini, musanyoze phunziro la magawo ndi la kutentha kwa mpweya, kapena kujambula magrafu m'kope la sayansi. Zimene ticita mu labotale, kusintha cinthu cimodzi, kuyesa ndi kulemba, ndizo zomwe zimasiyanitsa wochuna weni-weni ndi woononga injini za anthu.