Musanagule reel yowedzera nsomba ku Chongwe

Ana ambiri a ku Chongwe anaphunzira kuwedza ndi nsungwi, kachingwe ka mamita atatu, mbedza ndi nyongolotsi zokumba kuseri kwa bafa. Chida chimenechi sichinathe ntchito, ndipo pa dziwe laling'ono chimakwanira. Vuto limabwera madzi akatambalala, monga pa damu la Chongwe kapena pa madamu a m'mafamu a m'mbali mwa Chalimbana ndi Ngwerere, pamene nsomba zikudyera kutali ndi gombe, koti nsungwi singafike. Apa m'pamene munthu amaganiza zogula ndodo ya kusitolo yokhala ndi reel, kachipangizo kokulungira chingwe kaja.

Mukafika m'masitolo a ku Lusaka, mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kuchokera pa boma la Chongwe, mudzapeza mitundu iwiri: spinning ndi baitcaster. Achinyamata ambiri maso amathamangira pa baitcaster, chifukwa ndi imene amaona m'manja mwa akatswiri pa YouTube. Koma banja limene likugula koyamba, lofuna ndiwo ndi kachisangalalo ka Loweruka, litenge spinning.

Reel iliyonse ili ndi bobini yosungira chingwe, yonga ya makina osokera. Kusiyana konse kwagona pa bobiniyo. Ya spinning siizungulira poponya. Reel imalendewera kunsi kwa ndodo. Mumagwira chingwe ndi chala chamkombaphala, n'kutsegula kawaya kopindika kali kutsogoloko, n'kuponya, n'kuchotsa chala. Chingwe chimasololoka chokha, ndipo nyambo ikagwa m'madzi nacho chimaima. Mwana wa giredi 5 akhoza kuzigwira tsiku limodzi.

Baitcaster imakhala pamwamba pa ndodo, ndipo bobini yake imazungulira poponya. Nyambo ndiyo imakoka chingwe, chingwe n'kuzunguza bobini. Nyambo ikayamba kufooka m'malere, kapena ikagwa m'madzi, bobini imakhala ikadali paliwiro, ikulavulabe chingwe chopanda kopita. Mukapanda kuiponda ndi chala chachikulu pa nthawi yake, chingwe chimapiringizana mkati momwemo. Munthu amakhala pa mwala akutokosa mfundo ndi kamtengo, anzake akuvuula nsomba, mwina mapeto ake n'kudula chingwe chonse ndi mpeni. Opanga anaikamo mabuleki, ena a maginito, ena a timapini, komanso kachitsekerero kothinira bobini pambali pa handulo. Zonsezi zimathandiza, koma sizilowa m'malo mwa chala chozolowera.

Tsono taganizirani nsomba zathu. M'madamu ndi m'maiwe a kuno timawedza kwambiri bream, imene anzathu a ku Malawi amaiika m'gulu la chambo ndi makumba, ndiponso milamba. Bream ili ndi kamwa laling'ono ndipo n'njochenjera. Imafuna mbedza yaing'ono, nyongolotsi imodzi kapena kambamu ka nsima yokanda ndi gaga, kachoyandamitsa, ndi kamtovu kochepa. Zonsezi pamodzi mwina sizipitirira magalamu 5. Baitcaster wamba imayamba kuponya bwino nyambo ikafika magalamu 10 kupita m'tsogolo, chifukwa chinthu chopepuka sichingazunguze bobini mokwanira. Choncho nsomba imene banja limaifuna kwambiri m'poto ndi imene baitcaster imavutika nayo. Kwa ine mfundo imeneyi payokha n'njokwanira.

Palinso mphepo. Mu Ogasiti ndi Seputembala, nthawi imene madzi ayera ndipo anthu ali ndi mpata atatha kukolola, mphepo imawomba kwambiri pa damu. Ikamachokera kutsogolo imabweza nyambo m'malere, bobini ya baitcaster ili chizungulirebe, ndipo mfundo zimachuluka. Spinning imangofupikitsa mtunda basi.

Pakhomo chida sichikhala cha munthu mmodzi. Lero atenga bambo, mawa mwana wamkulu, mkuja amalume obwera kudzacheza. Handulo ya spinning imamasulidwa n'kuikidwa kumanja kapena kumanzere, kotero wamanzere naye sasalidwa. Ya baitcaster ili mbali imodzi mpaka kalekale, ndipo mabuleki ake amafunika kuwakonzanso nthawi iliyonse mukasintha kulemera kwa nyambo. Pa ndalama napo, spinning yotsika mtengo imagwirabe ntchito ndithu, pamene baitcaster yotsika mtengo imakhala ndi mabuleki osadalirika, ndipo imagwetsa ulesi ngakhale munthu wodziwa.

Sindikunyoza baitcaster. Ili ndi malo ake. M'madamu ena a m'mafamu muli bass, nsomba yochokera ku America imene imabisala m'zitsa ndi m'mabango, ndipo imawedzedwa ndi nyambo zopanga, zapulasitiki kapena zachitsulo. Wowedza bass amaponya ndi kukoka tsiku lonse, ndipo amafuna nyambo igwere pambali penipeni pa chitsa. Apa chala chachikulu chija chimasanduka mwayi, chifukwa chimaimitsa nyambo pamene mwini wake wafuna. Baitcaster siipotanso chingwe, imanyamula chingwe chokhuthala bwino, ndipo ili ndi mphamvu yozulira nsomba m'zinyalala isanakole. Amene wagwira spinning kwa nyengo ndithu, ndipo mtima wake uli pa bass, agule. Akafika nayo kunyumba asathamangire ku damu. Amange mtovu wa magalamu 15 wopanda mbedza, athine kachitsekerero kaja mpaka mtovu uzitsika pang'onopang'ono ndipo bobini iziima mtovu ukagunda pansi, akweze mabuleki, aphunzire pabwalo.

Ena amafunsa za mcheni, nsomba ya mano ija ya mu Zambezi. Mtsinje wa Chongwe umakathira mu Zambezi m'malire a Lower Zambezi National Park, ndipo kumeneko mcheni umaluma kwambiri kuyambira Seputembala mpaka Novembala. Ngakhale kumeneko spinning yokulirapo imakwanira. Chofunika n'kawaya pakati pa chingwe ndi mbedza, popeza mano ake amadula chingwe wamba nthawi yomweyo. M'dera la paki nsomba imabwezedwa m'madzi ikagwidwa.

Nanga m'sitolo musankhe yotani? Pa reel pamalembedwa nambala ya kukula kwake. 1000 ndi 2000 n'zazing'ono, zoyenera bream yokha. 6000 kupita m'tsogolo n'zolemera, zimatopetsa dzanja la mwana. Ya pakhomo ikhale 3000 kapena 4000: bream imatheka, mlamba wa makilogalamu angapo nawo umatheka. Mudzaonanso manambala onga 5.2:1, kutanthauza kuti handulo ikazungulira kamodzi, kawaya kaja kamakulunga chingwe maulendo asanu ndi pang'ono. Liwiro limeneli n'labwino pa zonse. Musatengeke ndi bokosi lolembedwa kuti muli mabering'i 12 kapena 14. Anayi abwino amaposa khumi achabechabe.

Igwireni m'manja musanalipire. Zunguzani handulo pang'onopang'ono pafupi ndi khutu: isamveke ngati muli mchenga, isagwedere. Tsegulani kawaya ndi kutseka kangapo, kazibwerera mwamphamvu. Yesani kubweza handulo m'mbuyo, iziima nji. Kenako masulani ndi kuthina drag, kachitsekerero ka pamwamba pa bobini kamene kamalola nsomba yaikulu kukoka chingwe m'malo mochidula. Bobini iziyenda mosalala poipotoza ndi dzanja, osati modukizadukiza. Mayina onga Shimano, Daiwa, Okuma, Penn ndi Abu Garcia n'ngodziwika, koma zachinyengo zolembedwa mayina omwewo ziliponso, ndiye dzanja lanu likhale mboni. Yogwiritsidwapo kale ntchito, ikapambana mayeso amenewa, musaiope.

Ndodo nayo igwirizane ndi reel. Ya spinning ili ndi mphete zazikulu, makamaka yoyamba, ndipo zimayang'ana pansi. Ya baitcaster ili ndi timphete ting'onoting'ono pamwamba ndi kanyanga kokolekapo chala. Mukasakaniza, chingwe chimakhula ndodo ndipo mtunda umachepa. Ndodo ya mamita 2.1, yogawika pawiri kuti ikwere njinga kapena minibasi, n'njokwanira.

Chingwe yambani ndi cha nayiloni cha 0.25 mpaka 0.30 mm. Chingwe cholukidwa n'cholimba koma n'chodula, chimacheka zala, ndipo chimafuna mfundo zake. Podzaza bobini siyani mamilimita awiri kapena atatu kuchokera pamlomo. Mukadzazitsa chingwe chimatuluka mulu, mukachepetsa simuponya patali. Drag muithine moti chingwe chizituluka mukachikoka mwamphamvu ndi dzanja, chisanafike poduka.

Chilema cha spinning n'kupota chingwe, ndipo kawirikawiri wolakwa ndi wowedza. Mlamba ukamathawa, drag ikulira, musazunguze handulo. Kuzunguza kulikonse pa nthawi imeneyo kumapota chingwe popanda kubweza ngakhale pang'ono. Imikani ndodo, nsomba itope, kenako tsitsani ndodo mukukulunga. Mukaponya, tsekani kawaya ndi dzanja, n'kukoka chingwe pang'ono kuti chikungike musanayambe kukulunga. Chikapotana ndithu, chotsani mbedza ndi mtovu, chitambasuleni pa udzu, n'kuchikulunga mutachipana ndi zala.

Mdani wamkulu wa reel kuno ndi fumbi ndi mchenga. Musaigoneke pansi pa gombe. Dulani kamtengo ka mphanda, zikani, tsamiritsanipo ndodo. Mukafika kunyumba pukutani ndi kansalu konyowa, dontheza limodzi la mafuta a makina osokera pa handulo ndi pa kagudumu kodutsa chingwe, masulani drag, ikani m'thumba pamthunzi. Dzuwa limafooketsa nayiloni, choncho musaisiye padenga kapena pawindo, ndipo chingwe muzisintha chaka ndi chaka.

Madamu a m'mafamu ali ndi eni ake, pemphani musanalowe. Chaka chilichonse, kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale, boma limatseka usodzi m'madzi ambiri a m'Zambia kuti nsomba ziswane. Funsani a Dipatimenti ya Nsomba pa boma za nyengo imeneyi ndiponso za chiphaso chowedzera. Kumunsi kwa mtsinje wa Chongwe kuli ng'ona, ndiye nyambo ikakola musalowe m'madzi kukaikolola, ndipo ana asapite okha. Mbedza ikhoza kugulidwanso.

Ngati ndalama yakwana chida chimodzi chokha, gulani spinning ya 3000 kapena 4000, ndodo ya mamita 2.1 ndi chingwe cha nayiloni. Yotsalayo mugulire mbedza za masaizi osiyanasiyana ndi timitovu, chifukwa ndi zimene zimatha msanga pa damu.