Musanalipire mayeso a IELTS, funsani kaye

Ogwira ntchito ambiri ofuna kukachita digiri yachiwiri ku Britain, Canada kapena Australia amakhumudwa akauzidwa kuti alembe mayeso a Chingerezi. Amati anaphunzira m'Chingerezi kuyambira ku pulayimale, malipoti a ku ofesi amalembanso m'Chingerezi, ndiye mayeso ndi a chiyaninso? Dziwani kuti Malawi sali pa mndandanda wa mayiko amene boma la Britain limawawerengera kuti anthu ake ambiri amalankhula Chingerezi, choncho umboni woti mumachidziwa amaufuna ndithu.

Safunsa anadya phula. Musanatulutse ndalama, lemberani ofesi yolandira ophunzira pa yunivesite yomwe mwasankha. Afunseni mayeso amene amalandira, kaya IELTS, TOEFL, PTE kapena Duolingo, ndi magiredi amene akufuna pa kosi yanuyo. Funsaninso ngati amavomera kalata ya koleji yanu yakale yotsimikiza kuti munaphunzira m'Chingerezi. Ena amalandira, ena amakana. Polembetsa IELTS ku British Council, sankhani Academic, osati General Training, ndipo onetsetsani kuti pasipoti yanu sinathe.

Mayeso a IELTS ali ndi zigawo zinayi: kumvetsera, kuwerenga, kulemba ndi kulankhula. Giredi yapamwamba ndi 9. Makosi ambiri amafuna 6.5 mukaphatikiza zonse, popanda chigawo chotsika pa 6.0. Mutha kupeza 8 polankhula, koma 5.5 ya kulemba n'kukubwezani.

Chimene chimagwetsa anthu a mu ofesi ndi nthawi. Lipoti la kuntchito mumalemba masiku atatu, kompyuta ikukonzerani masipelo, mnzanu n'kuliwerenganso. M'mayeso, pa chigawo cha kulemba, muli ndi mphindi 60 zokha: mawu osachepera 150 ofotokoza girafu kapena tebulo, kenako chimangirizo cha mawu osachepera 250. Chachiwirichi chimalemera kawiri, ndiye chipatseni mphindi 40. Mawu okometsera amene tinazolowera m'makalata a kuntchito sakupatsani malikisi. Woyesa akufuna yankho la funso, mfundo ndi chitsanzo chake. Pa kumvetsera, zojambulidwazo zimamveka kamodzi basi, ndipo olankhulawo ena ndi a ku Australia kapena ku America. Yesererani ndi mapepala akale, wotchi ili patebulo, foni yozimitsa.

Zotsatira zimagwira ntchito zaka ziwiri, choncho musafulumire kulemba musanadziwe chaka chimene mukupita. Musachedwenso, siyani mpata woti mubwereze ngati chigawo china chavuta.

Abwana anu asamve za ulendowu m'makonde. Auzeni msanga, pemphani masiku atchuthi oyandikira mayeso, ndipo funsani ku ofesi yoona za ogwira ntchito ngati thumba la maphunziro lingakulipirireni. Akavomera, werengani bwino pangano musanasayine, chifukwa mabungwe ambiri amafuna mudzawagwirire zaka zingapo mukabwerako, ndipo wochoka nthawi isanakwane amabweza ndalamazo.